Phula la a Magadalena

Sajeni Kettie anali ataonapo zambiri pa ntchito yake ya upolisi: ng'ombe zobedwa zopakidwa matope kuti eni ake asazizindikire, matabwa a m'Phiri la Dedza obisidwa pansi pa matumba a mbatata, ngakhale maliro onamizira. Koma kuitanidwa kuti akafufuze mapepala ong'ambika kunali koyamba, ndipo kunena zoona ananyamuka monyinyirika. Unali m'mawa wa mu Juni, chisanu chija cha ku Dedza choluma makutu, njinga yake yamoto ikutsokomola pa chitunda chilichonse.

Wodandaulayo, a Dennis, anali ndi nazale ya mitengo m'tsinde mwa phirilo. Sanadikire n'komwe kuti Sajeni avule chisoti.

"Bwana, bwerani mudzaone nokha, musamve za m'maluwa. Ntchito ya chaka chonse iyi, yalowa m'madzi!"

Panalidi pomvetsa chisoni. Mbande za paini, mizeremizere, zinali zitagwa cham'mbali. Machubu amene zinabzalidwamo anali ataphulika pamimba, dothi litakhuthukira pansi, timizu toyera tili pamtunda kuuma ndi mphepo. Sanali machubu akuda a pulasitiki amene tinawazolowera aja. Anali a pepala lokhuthala, lofiirira, lokutidwa ndi phula.

"Ndi a mayi Magadalena a ku Lobi amenewa," anatero a Dennis.

Dzinali Kettie ankalidziwa, monganso aliyense m'bomamo. A Magadalena ndiwo anayambitsa zopanga mapepala ndi manja, kuchokera ku makatoni otayidwa ndi ulusi wa mathunthu a nthochi. Machubu awo munthu ankabzala nawo limodzi m'dzenje, mvula ikagwa n'kuolera momwemo, osasiya zinyalala m'nkhalango. Anthu a ku Lobi akapita kutauni ankanyadira nazo ngati anapanga ndi iwo.

"Anandilonjeza phula la njuchi lenileni, loti madzi salowa mpaka nthawi yobzala," anapitiriza a Dennis, mawu akuthamanga ngati ali pamsika. "Ine makasitomala anga ndikawauza chiyani? Uku n'kuba mwachinyengo, bwana. Ndikufuna mayi ameneyu alowe m'chitokosi, ndipo manazale onse kuyambira kuno mpaka ku Ntcheu amve kuti za mapepalazi n'zabodza."

Kettie anayenda pakati pa mbandezo. Maso ake anali pa mizere ya kumapeto, kumene mbande zinali chiimire, zobiriwira bwino, m'machubu a pepala omwewo.

"Nanga awo bwanji sanaphulike?"

"Awo ndi a oda yoyamba. Ophulikawa anabwera Pasaka itangotha."

"Madzi mumathirira osiyana?"

"Madzi amodzi, kheni imodzi, wothirira mmodzi. Musandikhotetsere nkhani, bwana."

Kettie anapempha machubu awiri opanda dothi, china cha oda yoyamba, china cha yachiwiri. Poyang'ana anali ofanana ndithu. Anapinda choyambacho: chinapindika mofewa ngati nsalu yokhuthala, n'kubwerera. Anapinda chachiwiri. Chinalira kuti the! Popindikapo panatuluka mzere woyera, ndipo tizidutswa ta phula tinayoyokera pa thalauza lake.

Ulesi wonse uja unamuthera pomwepo.

* * *

Munthu akaona wapolisi akulowa pabwalo pake amayamba waimirira, ngakhale alibe mlandu. A Magadalena sanaimirire. Anali pampando wawo pakhonde la shedi, mayi wamtali wa imvi za m'mbali, akupaka phala pa pepala ndi bulashi. Anamaliza kaye pepalalo mpaka m'ngodya, ndiyeno n'kupereka moni.

"Ndamva kale. A Dennis andiimbira, andinyoza mokwanira. Patseni ndione."

Anatembenuza chubu chong'alukacho m'manja, n'kung'amba kachidutswa, n'kukayang'anitsitsa padzuwa.

"Pepalali ndi langa, sindingalikane. Taonani ulusi wa nthochiwo mmene wagonera. Kuno kulibe wina amasinja chonchi." Ananyambita pong'ambikapo. "Phala nalonso ndi langa, la chinangwa."

"Phala limagwira ntchito yanji?" anafunsa Kettie.

Funso limeneli a Magadalena ankalikonda kuposa tiyi wamkaka. Anadzuka, n'kutenga timizere tiwiri ta pepala.

"Kokani aka." Kettie anakoka, kanaduka mosavuta. "Ako n'kosapaka kanthu. Tsopano kokani aka." Kettie anakoka mpaka zala zinawawa, koma kanakana. "Mwaona? Phala limalowa m'kati n'kumanga ulusi pamodzi. Ndilo fupa la pepala. Koma fupa lokha likanyowa limafewa, ndiye timaliveka khungu, lomwe ndi phula la njuchi. Phula la njuchi limalola kupindika. Kuzizire chotani, silithetheka. Mbande ikamakula dothi n'kumatupa, chubu chimatamuka nacho pang'onopang'ono, madzi osapeza polowera."

Anakanda chubu chabwinocho ndi chikhadabo: phula linakulungika kampira komata. Anakanda chinacho: linanyenyeka ngati mchere. Anachinunkhiza, nkhope n'kuchita mdima.

"Ili si phula langa. Lamvekamo uchi pang'ono chabe, kungopusitsa mphuno. Khungu lotere likangong'aluka ndi chisanu, madzi amalowa, phala n'kufewa, basi chubu chatha."

"Ndiye linafika bwanji pa pepala lanu, mayi?"

"Sabata ya Pasaka ine kunalibe kuno. Ndinali kuchipatala kudikirira mwana wanga Tisunge, amachira. Mapepala ndinasiya nditapaka phala ndi kukulunga kale. Kunatsala kuviika m'phula kokha, ndipo anaviika ndi Monika, amene ndimagwira naye ntchito. Pobwera ndinapeza katundu atapita."

"Phulalo mumalitenga kuti?"

"Kwa a Rafaelo a njuchi. Ndinalilandira ndekha ndisanapite, ndinaliluma ndi mano angawa. Linali labwino."

"Nanga makiyi a chipinda chosungiramo munasiyira ndani?"

Apa lilime lakuthwa lija linachedwa pang'ono.

"Makiyi amakhala ndi a pabanja," anatero a Magadalena, n'kubwerera ku bulashi yawo.

Kettie sanawakakamize. Anapempha kuona moviikiramo. Unali mgolo wodula pakati, wokhala pamafuwa kuseri kwa shedi, ndipo chiviikire cha Monika sunagwirenso ntchito. Phula lotsala linali litauma pansi pake. Kettie analitema ndi mpeni, n'kutembenuza chibenthu chimodzi.

Kunsi kwake kunali timadontho takuda tambirimbiri. Anatokosa kamodzi ndi nsonga ya mpeni, n'kukasolola. Kanali kachingwe kakafupi, kopserera kumapeto.

* * *

Monika anamupeza kudimba akuthirira kabichi. Atangoona yunifolomu anagwetsa kheni, misozi n'kuyamba funso lisanabwere.

"Ine sindinabe kanthu, bwana, Mulungu akuona! Ine ndine wamasiye, ana anga akudalira ntchito yomweyi, ndingabe bwanji kwa mayi amene ananditola? Funsani aliyense, ngakhale nkhuku ya munthu ikaikira m'khitchini mwanga ndimabweza mazira ake!"

"Palibe wanena kuti munaba. Ndiuzeni za tsiku loviika."

"Ndinaviika monga mwa nthawi zonse, moto wapang'ono, chubu chimodzichimodzi, kulowetsa, kutulutsa, kuimika. Komatu ndinadabwa, bwana, ndisaname. Phula lake linali lotuwa, osati lachikasu bwinobwino. Ndipo limauma msanga, ukangotulutsa lagwira kale. Lija lathu limachedwa, limamata m'zala mpaka madzulo."

"Zibulumwa zake zinali zofanana ndi za masiku onse?"

"Zofanana ndithu, zozungulira, zoumbira m'beseni."

"Munauza ndani kuti mwadabwa?"

Monika anayang'ana uku ndi uku, ngati kabichi angamve.

"Ndinauza a Gervazio, achimwene awo a mayi. Ndiwo ananditsegulira chipinda, makiyi anali ndi iwowo. Paja ndi eni mbumba pakhomo paja, komanso ndi apampando a tchalitchi chathu. Anati, 'Usavutike, mwana iwe, a Rafaelo anabweretsa lotero, njuchi za chaka chino zadya maluwa ena.' Nanga ine ndine yani kuti nditsutsane ndi munthu wamkulu ngati ameneyo?"

"Mayi atabwera munawauza?"

"Ndinaopa, bwana. Anabwera akusangalala ndi mdzukulu, ine ndiyambe kuwauza za phula lotuwa?"

Kettie anamutolera kheni ija n'kumupatsa. Tsopano anali ndi anthu awiri oti awaone, ndipo anasankha kuyamba ndi amene anaponyeredwa mlanduyo.

* * *

A Rafaelo ankakhala kumapeto kwa mudzi, kumene minda ya nyemba imathera ndipo mitengo yachilengedwe imayambira. Dzinalo analandira pa ubatizo ali khanda, koma atakula anakhotera kudambwe kwa anzawo a gule, ndipo chikhotere sanabwererenso. Anali nkhalamba yowonda, yamaso oseka. Kettie anawapeza akusema mng'oma watsopano.

Anawapatsa chibenthu chija. A Rafaelo anachiluma, n'kulavula kutali.

"Mwabwera kudzandidyetsa kandulo, mwana wanga?"

"Akuti ndi phula limene munagulitsa kwa a Magadalena."

"Akutero ndani? Abwere adzanene pamaso pa njuchi zanga!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Umu langa lilimo pang'ono, ngati shuga wa mu tiyi wa pamaliro. Zina zonsezo ndi makandulo a m'golosale. Phula langa mayi uja analiluma yekha polandira. Ameneyo simungamupusitse, amaluma ngati akugula mzimbe."

"Akuti njuchi za chaka chino zadya maluwa ena."

"Zidye maluwa a mtundu wanji kuti zitulutse zingwe zopserera? Kapena zayamba kusuta?"

Kettie anadziletsa kuseka. "Sabata ya Pasaka munali kuti, agogo?"

"Ku Mayani, ku chiliza cha amalume anga. Sabata yonse. Anzathu akusala kudya kuno, ife gule ali pabwalo, fumbi kuti koboo! Kafunseni, mudzi wonse unandiona, ng'oma yaikulu ndinkaimba ndine. Komanso makandulo ochuluka chonchi ndingawatenge kuti ine? Ndimagona limodzi ndi nkhuku, kwanga kandulo imodzi imatha chaka."

Zimenezi n'zimene zinkamuvutanso Kettie m'mutu. Kugula makandulo atsopano odzaza mgolo si nzeru ya wakuba, ndipo atsopano sakhala ndi zingwe zopserera. Awa anali otsalira, oyatsidwapo kale, ochokera kumalo kumene makandulo amayaka ambiri.

"Koma ngati mwabwera ndi milandu, ndithandizeni wangawu," anatero a Rafaelo akubwerera ku sompho lawo. "A kutchalitchi anditumizira mithenga kawiri konse. Akuti njuchi zanga zikusokoneza mapemphero. Chichokere Pasaka zikumalowa pa mawindo, kuzungulira kutsogolo kuja, amayi a kwaya kumaimba akugwedeza mipango. Akuti ndazituma dala poti ndine wa gule."

"Kale sizinkalowa?"

"Tchalitchi chija chinamangidwa ine ndili mnyamata, njuchi sizinalowemo. Ndiye ndinawayankha kuti ngati zatembenuka mtima zibatizeni." Anatsinzinira diso limodzi. "Koma njuchi siipemphera, mwana wanga. Imatsata fungo la kwawo."

Kettie anali atafika kale pa njinga yake.

* * *

Tchalitchicho chinali chaching'ono, cha njerwa zootcha, nthambi chabe ya parishi, kumene ansembe ankafika mwa apo ndi apo. Linali Loweruka masana, ndipo a Gervazio anali m'katimo akukonza mabenchi. Anali bambo wa jekete lakuda lotsukidwa bwino, woyenda choongoka, wolankhula ngati nthawi zonse akuwerenga zolengeza.

"Takulandirani, a boma. Nyumba ino ndi yotsegukira aliyense."

"Ndikufufuza za phula la alongo anu, bambo. Ndamva kuti makiyi anali ndi inu."

"Ndi zoona. Mlongo wanga akachoka, pakhomo pake pamayang'anira ine, monga mwa udindo wanga. Ndinatsegulira mtsikana uja m'mawa, ndinatseka madzulo. Kupitirira apo sindikudziwa kanthu, pakuti sabata imeneyo ndinali kuno kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Akhristu onse angandichitire umboni."

"Munkachita chiyani kuno sabata yonse?"

"Kukonzekera chikondwerero, mayi. Pasaka ya chaka chino siidzaiwalika m'dera lino."

Munthu wonyada ndi wosavuta kumufunsa: umangomutsegulira njira, amayenda yekha. Kettie anangoti, "Ndinamvadi mbiri yake," ndipo a Gervazio anamutsogolera kutsogolo, pambali pa guwa.

Kandulo ya Pasaka inaima pamenepo pa choikapo chamtengo. Inali yaitali kufika m'chiuno mwa munthu ngakhale inali itayakapo kwa miyezi, yonenepa ngati mtondo waung'ono, yachikasu chakuya, mtanda wofiira utalochedwa bwino pamimba pake. Fungo la uchi linadzaza mbali yonseyo. Njuchi zingapo zinkayenda pamwamba pake mosatekeseka.

"Zaka zonsezi a tchalitchi cha kutsidya ankatiseka," anatero a Gervazio, chifuwa chili patsogolo. "Iwo amagula yaikulu kutauni, ife kakandulo konga chala. Chaka chino anabwera okha kudzaona. Bambo mfumu anaigwira, anati, 'Iyi ndiye kandulo yeniyeni, ya phula la njuchi, monga mmene ziyenera kukhalira.' Anatero pamaso pa anthu onse."

"Ndi yokongoladi," anavomera Kettie, ndipo sankanama. "Munaigula kuti?"

"Inaumbidwa konkuno. Phula lake linachokera kwa munthu wakufuna kwabwino."

"Nanga zotsalira za makandulo a paguwa mumataya kuti?"

"Sititaya! Zinthu zodalitsidwa sizitayidwa kudzala. Timasunga m'katoni, m'kachipinda umo."

"Ndingaione katoniyo?"

A Gervazio anaima. Kenaka anayenda pang'onopang'ono, n'kutsegula kachipindako. Katoni inalimo, yaikulu, m'kati mwake muli madontho a phula loyera m'mbali monse. Koma inali yopanda kanthu.

Kettie anatambasula kampango kake pa benchi. Munali tizingwe topserera tija.

"Izi ndazipeza pansi pa mgolo wa alongo anu."

Ankayembekezera kuti akana, kapena agwa pansi. A Gervazio anangokonza kolala ya jekete.

"Mayi, tiyeni titchule zinthu ndi maina ake. Ine sindinabe. Ndinasinthanitsa. Ndinatenga phula, ndinabwezera phula, beseni kwa beseni, osaperewera ngakhale pang'ono. Ndinasiyamonso lake lina kuti fungo lisasowe. Phula ndi phula. Ndipotu limene ndinamupatsalo linayakapo paguwa, ndi lodalitsidwa. Kodi chubu chothiramo dothi chikufunikiranji phula labwino kuposa nyumba ya Mulungu?"

"Mbande za a Dennis zafa, bambo. Akufuna alongo anu amangidwe."

Apa ndi pamene nkhope ya a Gervazio inagwa. Zinaoneka kuti mbali imeneyi anali asanaimve, kapena anaimva n'kukana kuilumikiza ndi kandulo yawo.

Kettie anatuluka panja n'kuimba mafoni awiri.

* * *

A Magadalena ndiwo anayamba kufika, poti kwawo kunali pafupi. Anamvetsera nkhani yonse ataima pakhomo la tchalitchi, manja atapinda pachifuwa. Sanadabwe kwenikweni. Kettie anazindikira kuti mayiyu anayamba kukayikira m'mawa womwe uja, pamene anafunsidwa za makiyi, ndipo tsiku lonse ankapempha mumtima kuti zisakhale choncho.

"A Dennis ali m'njira," anatero Kettie. "Ndisakubisireni, mayi. Phulalo ndi lanu. Mukanena kuti linatengedwa inu osadziwa, mlandu wachoka pa inu, wapita kwa achimwene anu. Mukanena kuti munalipereka nokha, ndiye kuti palibe wakuba, koma machubu aja munatumiza mukudziwa."

A Gervazio anagwira pomwepo ngati munthu wokokoloka wagwira muzu.

"Wamva, mlongo wanga? Ungonena kuti unapereka wekha ku tchalitchi. Ndi mawu ochepa chabe. Mawa ndikulengeza pamaso pa mpingo, anthu akuimbira m'manja. Za a Dennis tikambirana pachibale, sangakumange, ndikawagwadira ine."

"Ndiye manazale akamva kuti Magadalena amaviika machubu m'makandulo?"

"Anthu amaiwala, iwe. Ndi mapepala chabe."

Kettie anatsinzina. Pa mawu onse a padziko, bamboyu anasankha amenewo.

"Mapepala chabe," anabwereza a Magadalena motsitsa. "Achimwene, pamene ndinkayamba kutola makatoni pamsika, anthu ankati ndapenga. Inu nomwe munandiitanira ku nyumba kwanu kukandilangiza kuti ndikuchititsa manyazi mbumba. Ndinasinja nthochi mpaka manja kutuluka matuza. Ndinayesa phala la chimanga, makoswe anadya. Ndinayesa utomoni wa paini, pepala linathyoka ngati mbale. Zaka zinapita ndisanapeze chinangwa ndi njuchi. Lero amayi a m'mudzi muno akuphunzitsa ana ndi mapepala chabewo."

"Ndikudziwa, koma taganiza za ine. Ndine mkulu wako. Ndinakulera bambo atamwalira. Akandichotsa pampando ndi dzina la wakuba, ndidzayenda bwanji m'mudzi muno?"

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkapweteka. Kettie anawamvera chisoni onse awiri, mpaka anayang'ana kumbali.

Galimoto ya a Dennis inamveka ikukwera chitunda. Amayi a kwaya, amene ankabwera kudzaphunzira nyimbo za mawa, anali atayamba kusonkhana pansi pa mtengo, akunamizira kumanga mipango.

"Mukanandipempha, achimwene," anatero a Magadalena, "ndikanakuumbirani kandulo ndi manja angawa, yoposa iyi. Mukadwala ndidzakuberekani kumsana mpaka kuchipatala. Mukasowa chakudya mudzadya kwanga. Koma pepala langa silinalakwe, ndipo sindilinamizira."

Analowa m'tchalitchi. Kettie anaganiza zowatsatira, poti kanduloyo inali umboni, koma anatsala pakhomo: iye mwini sakanalimba mtima kuigwira. A Magadalena anayenda pakati pa mabenchi amene anakhalapo kuyambira ali mtsikana, anagwada bondo limodzi patsogolo pa guwa, n'kuchita chizindikiro cha mtanda mosafulumira. Kenaka anaikumbatira kandulo ija n'kuizula pa choikapo chake. Inali yolemera, koma anainyamula.

A Gervazio anaima pakhomo.

"Magadalena! Ukatuluka nayo pakhomo pano, ulibenso mlongo."

A Magadalena anaima, n'kuwayang'ana m'maso. Kenaka anawalambalala n'kutsika masitepe.

A Dennis anali atatsika m'galimoto, mkwiyo uli pakamwa, koma ataona zimenezi anangoti kukamwa yasa.

"Phula lanu ndi ili, a Dennis," anatero a Magadalena mokweza, kuti ndi apansi pa mtengo omwe amve. "Linasochera, lapezeka. Amene analisocheretsa akuuzani a Sajeni. Lolemba mubwere ndi anzanu onse a manazale mudzaone ndikuviika ndekha, ndipo chubu chimodzi chikadzang'aluka mudzandimange."

A Dennis anayang'ana Kettie. Kettie anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo a Dennis anavula chipewa.

"Ikani m'galimoto, mayi, ndikuperekezeni."

"Ndinyamula ndekha."

Anauyamba ulendo wa kwawo, msana uli chilili, kudutsa pakati pa amayi a kwaya amene anapatuka mwakachetechete. Kettie anasiya njinga yake pomwepo n'kuwatsatira pambuyo, ndipo pa zaka zake zonse za upolisi sanaperekezepo munthu monyadira chotero. Atafika pafupi ndi pamene anaona kuti misozi ikutsika pa masaya a mayiyo mpaka m'khosi. Sanaipukute. Manja onse awiri anali atagwira kandulo.